Nawonso a CDSS angasewere basketball ya m'makoleji

Anzanga, nyengo ya basketball ya m'makoleji ikafika, ife masapota a kuno ku Karonga timavutika. Ena amaonera masewera ali m'bwalo, ife timadalira foni ya mkulu wathu kunyumba, bandulo ikatha basi nkhani yathera pomwepo. Ndikunena za mpikisano wa Mo626, umene National Bank of Malawi inakhazikitsa mogwirizana ndi bungwe la BASMAL. Matimu amayamba kupikisana m'zigawo, opambana n'kukakumana kumafainolo. Ine ndine wa Mzuni Panthers, sindibisa. Koma ndimapereka ulemu kwa Wildcats ya ku MUBAS, Hawks ya ku Chanco ndi Wolves ya ku MAGU, chifukwa anyamata ndi atsikana amenewa mpira amautha.

Chimene chimandikoka mtima pa chikho chimenechi ndi khomo lake lolowera. Ku Super League munthu amangofunika mwendo wabwino. Kuno ayi. Kuti uvale yunifolomu ya Panthers uyenera kukhala wophunzira wa pa Mzuni, ndipo ku yunivesite ya boma sulowa popanda makirediti 6 pa MSCE, kuphatikizapo Chingerezi. Ndiye aliyense amene mukumuona akudumpha pamenepo anayamba wakhalapo pa desiki ngati ifeyo, kulimbana ndi Masamu ndi Biology. Ngakhale ku America, kumene matimu a m'makoleji oposa 60 amapikisana m'mwezi wa Malichi, wagonja n'kutuluka, wosewera amayenera kukhala wophunzira.

Funso langa ndi ili: mwa ife a pa CDSS, ndi angati amene anagwirapo mpira wa basketball? Tinene zoona, ambiri timangouona pa TV. Mabwalo ake amapezeka kwambiri m'tauni ndi m'sukulu zina zogonera konko. Ndiye mwana wa kwathu kuno akhoza kukhoza bwino, kusankhidwa kupita ku Mzuzu, koma akafika pa bwalo n'kungoima panja kuombera m'manja anzake amene anayamba ali Folomu 1. Zimenezi zimandiwawa. Kutalika tili nako, mphamvu tili nazo. Munthu wopalasa bwato pa nyanja kapena wolima mpunga ku Kaporo ungamuuze za kupirira?

Ena munena kuti ndalama palibe, madesiki ndi mabuku akuperewera. N'zoona, ndipo sindikupempha bwalo la simenti la mamita 28 m'litali ndi 15 m'lifupi. Pali mtundu wina wa masewerawa wotchedwa 3x3. Amasewera atatu mbali iliyonse, pa theka la bwalo, golo imodzi yokha, mphindi 10 kapena mpaka timu ina itafika mapointi 21. Musaupeputse, unaseweredwa pa Olympics ku Tokyo mu 2021. Chofunika ndi mtengo wolimba, thabwa, chitsulo chozungulira cha masentimita 45 chimene owotcherera a pa Boma angatipangire, ndi malo osalala. Chitsulocho chimakhala mamita 3.05 kuchokera pansi, ndendende ngati golo ya netball. Ndiye atsikana a netball, inu ndinu amene muli kale patsogolo, diso loponyera muli nalo. Ndipo musaiwale kuti James Naismith poyambitsa masewerawa mu 1891 anangokhomera madengu a zipatso m'mwamba. Ife tingalephere bwanji?

Enanso munena kuti masewera amasokoneza maphunziro. Ine ndikuti awa ndi amene angatikankhe kuti tiwerenge. Mnyamata amene akulota kusewera fainolo ya m'makoleji amadziwa kuti akalakwa Chingerezi maloto afera pomwepo. Palibe kochi amene angamulowetse pakhomo la kuseri.

Ndiye pempho langa likupita kwa a pulifekiti a zamasewera: katengereni nkhaniyi kwa aphunzitsi athu a masewera ndi kwa ahedi, kuti ikafikenso ku PTA. Ife ophunzira tisalaze malo tokha Lachisanu likubwerali tikaweruka, dzuwa likapepuka, pajatu la ku Karonga silichita masewera. Amene muli ndi achimwene kapena achemwali ku koleji, apempheni adzatiphunzitse malamulo pa holide. Mutu umodzi susenza denga.

Chaka chino tiziwonerabe pa foni, ndipo ine ndikhala ndikukuwira Panthers mpaka mawu atasasa. Koma a Folomu 1, inu muli ndi zaka zinayi. Yambani pano, kope kudzanja lina, mpira kudzanja lina, kuti tsiku lina tidzakuwe dzina la mwana wa pa sukulu pano.

Sapota wa Panthers, Folomu 3