Apozi ndi Katsitsumzukwa pa Muyeso wa Thanzi

Mwa zipatso zonse zimene zinadza kuno kwathu kuchokera kutali, palibe chimene chalandira ulemu woposa wa apozi, amene makolo ake akuthengo amamera m'mapiri a dziko la Kazakhstan, ndipo lero amatifikira m'makatoni makamaka kuchokera ku minda ya South Africa. Pakuti munthu wopita kukazonda matenda kuchipatala, ngakhale m'thumba mutapepuka chotani, amayesetsa kugula maapozi awiri kapena atatu, ofiira ndi onyezimira, ena akali ndi kapepala komata pakhungu, nawaika pa kabati ya pambali pa bedi, mtima uli m'malo kuti wabweretsa chakudya choposa zonse. Chifundo chimenecho ndichilemekeza kwambiri. Koma chikhulupiriro chimene chimatsagana nacho ndifuna tichiike pa muyeso, ndipo mbali inayo tiikepo ndiwo ina yachilendo, asparagus, imene ena amaitcha katsitsumzukwa: timphukira tobiriwira togulitsidwa m'timitolo m'masitolo aakulu a m'mizinda, pa mtengo woti munthu wamba amangogwira pakamwa.

Akatswiri a nthambi ya zaulimi ya boma la United States anayeza zakudya ziwirizi zili zaziwisi, magalamu 100 chilichonse, ndipo zimene anapeza nzoyenera kuzimva mofatsa. Pa mphamvu apozi ali patsogolo, popeza ali ndi makalori 52 pamene katsitsumzukwa ali ndi 20 okha. Koma mphamvu imeneyo gwero lake ndi shuga, amene mu apozi amakwana magalamu 10, mwa mnzakeyo osafika ndi 2 omwe. Tikachoka pamenepo muyeso umapendekera kwina. Zomanga thupi mu apozi ndi magalamu 0.3, mu katsitsumzukwa 2.2; ayironi, amene thupi limapangira magazi, ndi mamiligalamu 0.1 mu apozi, 2.1 mu katsitsumzukwa. Vitamini K, wothandiza magazi kuundana pabala, amachuluka mu ndiwoyi pafupifupi kamakumi awiri kuposa mu chipatsocho. Ngakhale vitamini C yemwe, amene ambiri amayesa kuti ndiye chuma cha apozi, alimo mamiligalamu osafika 5, ndipo katsitsumzukwa amamuposa pang'ono.

Koma pamene ndifuna kuimapo nthawi ndi pa foleti, mmodzi wa mavitamini a mtundu wa B, pakuti pamenepa pagona moyo wa ana osabadwa. Mayi akangoima, msana ndi ubongo wa mwana zimayamba kuumbika m'masiku 28 oyambirira, nthawi imene amayi ambiri sanazindikire n'komwe kuti ali ndi pakati. Ndipo foleti akaperewera m'masiku amenewo, njira ya msana ikhoza kusatsekeka bwino, mwana nabadwa ndi chotupa kumsana kapena miyendo yopuwala, chisoni chimene banja limasenza moyo wonse. Munthu wamkulu amafunika mamaikulogalamu 400 a foleti pa tsiku, ndipo mayi woyembekezera amafunika oposa apo. Katsitsumzukwa ali nawo 52, apozi 3 okha, kotero kuti wofuna kukwanitsa mlingo wa tsiku limodzi ndi maapozi okhaokha akanadya makilogalamu oposa 13. N'chifukwa chake ndimva chisoni ndikaona mwamuna wokonda mkazi wake wapakati akutaya ndalama zake zochepa pa chipatsochi, poyesa kuti akumuwonjezera magazi, pamene mapiritsi a ayironi ndi foleti amene anamupatsa kusikelo ali gone m'chikwama osamwedwa.

Ndisamveke ngati ndikunyoza apozi, iyayi. Si mkuyu uja wokoma kunja m'kati muli nyerere. Ndi chipatso chabwino, chokhala ndi ulusi wofewetsa m'mimba wokwana magalamu 2.4, chosungika masabata angapo osavunda, chodyedwa chachiwisi kotero kuti moto suchilanda kanthu, ndiponso cholowa bwino pakamwa pa wodwala amene chakudya china chamukana. Ubwino wake wambiri uli pakhungu, choncho womusenda ndi mpeni, kapena womwa madzi ake a m'botolo, wataya gawo lalikulu la chimene anagula. Cholakwa chili pa ife, amene tinamuveka ufumu umene sanaupemphe.

Tsono wina adzafunsa kuti, ngati zili chomwecho, kodi tiyambe kufunafuna katsitsumzukwa? Yankho langa ndi lakuti ayi, ndipo apa ndipo pagona nkhani yanga. Mbewu imeneyi imafuna zaka ziwiri kapena zitatu mlimi asanayambe kudula zokwanira, imayamba kutaya kukoma kwake ikangodulidwa, ndipo yambiri imene imadyedwa ku Ulaya nyengo yake itapita imayenda ulendo wautali kuchokera ku Peru, kumene ulimi wake m'chigwa chouma cha Ica wachepetsa madzi a pansi pa nthaka. Anthu a ku Germany amaikonda ndithu, namaliza nyengo yake pa 24 June chaka ndi chaka, ndipo nkoyenera kutero, pakuti imamera m'minda mwawo. Ifenso tili ndi zomera m'minda mwathu. Bonongwe, amene amadzimerera yekha pakhola ndi padzala mvula ikangogwa, amene ana a m'tauni ena amachita naye manyazi, ali ndi foleti mamaikulogalamu 85 pa muyeso womwe uja, ayironi mamiligalamu 2.3, kashiamu wolimbitsa mafupa mamiligalamu 215 ndi vitamini C mamiligalamu 43. Ndiko kunena kuti pa zinayi zonsezi amaposa katsitsumzukwa uja. Nkhwani zili ndi zomanga thupi magalamu 3. Nyemba ndi khobwe ndi nkhokwe za foleti. Ndipo gwafa, amene pa nyengo yake amagwa pansi nadyedwa ndi mbuzi, ali ndi vitamini C mamiligalamu oposa 200, kuposa apozi kokwana makumi anayi.

Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo anatinso mutu umodzi susenza denga. Mawu onse awiri ali ndi malo pano, pakuti palibe chakudya chimodzi, chachilendo kapena chathu, chimene chingasenze thupi pachokha. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, limalangiza kuti munthu adye masamba ndi zipatso zosachepera magalamu 400 pa tsiku, ndipo alangizi athu a zaumoyo amaphunzitsa magulu asanu ndi limodzi a zakudya, m'mene zipatso zili gulu lakelake ndi masamba lakelake. Banja lingakwanitse mlingo umenewu tsiku ndi tsiku ndi mango, mapapaya, malambe, chisoso ndi mpiru. Ndi maapozi a m'sitolo silingathe. Okhawo amene akumwa mankhwala oletsa magazi kuundana, monga warfarin, ayambe afunsa dokotala asanasinthe kadyedwe ka masamba, chifukwa cha vitamini K uja.

Chimene chimandidetsa nkhawa koposa ndi m'phika. Manambala onse ndatchulawa ndi a zakudya zaziwisi, ndipo foleti ndi vitamini C sapirira moto wautali, amasungunukira m'madzi, ndiponso soda ndi chidulo zimene timafewetsera ndiwo zimawononga ena mwa mavitaminiwo. Mayi amene amatsuka bonongwe asanamudule, namuika m'madzi ochepa owira kale, navundikira kwa mphindi zowerengeka, natsira tomato ndi nsinjiro masamba akali obiriwira, osataya msuzi, amafikitsa pa mbale zambiri za zimene nthaka inapereka, ndipo mafuta a m'nsinjirowo amathandiza thupi kulandira vitamini A. Ayironi wa m'masamba salowa m'thupi mosavuta ngati wa nyama. Amafuna vitamini C kuti amutsegulire njira, choncho gwafa kapena lalanje lidyedwe pamodzi ndi chakudyacho, ndipo tiyi, amene amatsekereza ayironi, adikire kufikira patapita ola limodzi.