Pulasitala kapena jelo? Amayi athu sanafunsidwepo

Asisi, timakamba kwambiri za mapadi ndi kulera, koma nkhani ya kusiya kusamba timangoitaya ngati ya agogo. Chonsecho amayi ambiri amafika pamenepa ali ndi zaka zapakati pa 45 ndi 55. Amenewa ndi amayi athu, azakhali athu, mabwana athu kuntchito.

Thupi likachepetsa homoni ya estrogen, mayi amangomva kutentha kobwera mwadzidzidzi, thukuta usiku, tulo kusowa, kuuma kumaliseche, ndipo mafupa amayamba kufooka. Ife timangoti "amayi masiku ano akwiyakwiya". Ena mpaka amathamangira kwa sing'anga, eti alodzedwa.

Mankhwala obwezeretsa estrogen alipo. Kupatula mapiritsi, pali njira zodzera pakhungu monga pulasitala ndi jelo, ndipo zonse zili ndi chiopsezo chochepa cha kuundana kwa magazi poyerekeza ndi mapiritsi.

Pulasitala amamata pathako, pantchafu kapena kumunsi kwa mimba, osati pabere. Amasintha kawiri pa sabata, mitundu ina kamodzi. Ubwino wake, sufunika kukumbukira tsiku lililonse. Koma thukuta likachuluka amatha kumatuka, ndipo ena amawayabwa.

Jelo ndi wopaka tsiku ndi tsiku pamkono kapena pantchafu. Saoneka, samatuka. Koma amafuna udikire mphindi zingapo kuti aume, usambe m'manja, usasambe thupi nthawi yomweyo, komanso mwana asakhudze pomwe wapakapo.

Ndiye wabwino ndi uti? Zitengera moyo wa mayiyo. Taganizirani mayi wothyola tiyi m'maesiteti a kuno ku Mulanje, dengu kumsana, thukuta kamukamu, mvula ikumupeza m'munda. Pulasitala angamuvute. Nanga wogulitsa nthochi pa Limbuli, wodzuka m'bandakucha atabereka mdzukulu? Jelo angamusowetse nthawi. Wodziwa yankho ndi mwini thupi pamodzi ndi dokotala.

Apa ndi pomwe pandiwawa ine. Amayi a ku London akukangana za pulasitala ndi jelo, pomwe athu ambiri sanamvepo kuti kutenthako kuli ndi dzina, kuli ndi chithandizo. Mayi akasiya kubereka, zikuoneka ngati dziko lathana naye. Sikelo analipo, kulera kunalipo, pano angopirira basi?

Ena anena kuti tili ndi malungo, Edzi ndi khansa, izi ndi za azungu. Zoona, ndalama za zaumoyo ndi zochepa. Koma kumufotokozera mayi zomwe zikuchitika m'thupi mwake kumadya ndalama zingati? Unduna wa Zaumoyo uyambire pamenepo: anamwino ndi alangizi azaumoyo aziikamba nkhaniyi, kenako tikambirane zoti mankhwalawa azipezeka pamtengo woti mayi wa ku Muloza angakwanitse.

Chenjezo, asisi: musawagulire amayi mankhwalawa pa WhatsApp. Mayi yemwe chiberekero chake chilipo amafunikanso progesterone, apo ayi estrogen payekha angayambitse khansa ya m'chiberekero. Amene anadwalapo khansa ya m'mawere ayambe aonana ndi dokotala. Ndipo mayi akaona magazi patadutsa chaka atasiya kusamba, apite kuchipatala msanga.

Pa 18 Okotobala dziko lonse limakumbukira nkhani ya kusiya kusamba. Musadikire tsikulo. Afunseni amayi kuti akugona bwanji usiku. Ngati mukuchita nawo manyazi, dzerani kwa azakhali, kenako muwaperekeze kuchipatala.