Tisatchipitse mabokosi a subwoofer, dzina likuipa ndi lathu

Anzanga amene mukupanga mabokosi a subwoofer kuno ku Joni, tiyeni tisiye kupikisana pa kutsitsa mtengo. Ambiri akukhoma bokosi la chipboard, kulikuta ndi kapeti yokongola, basi n'kugulitsa motchipa. Chipboard ikangonyowa imafufuma, masikuluwu amakhwefuka, ndipo pakapita miyezi yochepa bokosi limangophokosera ngati chitseko chothyoka. Dalaivala wa Quantum uja sabweranso. Choipa kwambiri, amakauza anzake ku renki kuti aMalawi ntchito yawo ndi yachinyengo.

Ine ndimagwiritsa ntchito MDF ya 18mm, guluu wa matabwa polumikiza paliponse, ndi silicone mkati kuti mpweya usamathawe. Koma nkhani yaikulu ndi kukula kwa mkati mwa bokosi. Sipika yabwino imabwera ndi pepala lonena malita amene imafuna. Ya mainchi 12 m'bokosi lotseka nthawi zambiri imafuna malita pakati pa 30 ndi 40. Bokosi la port limafunika lokulirapo, ndipo port yakeyo iyezedwe m'litali ndi m'mimba mwake, osangoboola poti paoneke bowo. Mukaphonya apa, ngakhale amplifaya ikhale yodula bwanji, bass simveka bwino.

Kasitomala akati "bwana, uko n'kotchipa," muonetseni pepala lija, muyeze naye limodzi buti ya galimoto yake. Mtengo wa MDF, guluu, kapeti ndi maola anu muwerengere pamaso pake. Ena adzapitabe kotchipako, asiyeni apite.