ZA MASEWERA: Woika Chandamale Aziganizira Anzache

Sabata ino ndifuna kukamba nanu za masewera oombera chandamale ndi mfuti ya mpweya, pakuti pa tchuthi changa ndinaona kanthu kamene kanandipatsa nzeru, ndipo ndiyesa kangathandizenso inu amene musowa chochita Lasabata masana, koma kukhala pa mowa kufikira dzuwa litalowa.

Ndinapita kukaona amalume anga ku Warren Park, kumadzulo kwa Harare, pafupi ndi msewu wa ku Bulawayo. Lokeshoni imeneyi inamangidwa kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980, ndipo nyumba zache nzothithikana ndithu, kotero kuti ukatsokomola m'nyumba mwako wa nyumba inayo amva. Amalumewo, amene anachoka kwathu ku Dedza akali mnyamata, ali ndi mfuti ya mpweya yophera makoswe m'khola la nkhuku. Tsiku lina iwo atachokapo, msuweni wanga anaitenga, naika mabotolo pa khoma la mpanda, nayamba kuombera. Chipolopolo china chinagunda khoma ndi kubwerera, nichipita pambali pa khutu la kamtsikana ka nyumba yoyandikana, kamene kanali kutsuka mbale pabwalo. Amalume atamva anakwiya kwambiri, nati kwa mwana wao, "Iwe, kodi uli nalo diso lina m'thumba mwako loti ukabwezere mwana wa eni?" Koma mfuti sanaibise. Anati, "Ngati mufuna kuombera, Loweruka tipite kumunda."

Loweruka lija tinapita kwa bwenzi lao limene liri ndi munda kunja kwa tauni, kumene kuli chulu chachikulu ndipo kulibe njira ya anthu kutseri kwache. Tinalipo amuna 9. Msuweni wanga, pokhala wodziwa kuombera koposa tonse, ndiye anaika chandamale. Anakhoma zitsekero za mabotolo 10 pa timitengo patsogolo pa chulu, zonse pa mtunda umodzi wa mapazi aakulu 45, ndipo munthu ali yense analandira zipolopolo 10. Iye mwini analasa zitatu. Ife ena tonse sitinalase kanthu, ine ndemwe, ndipo sindinaone nkomwe kumene zipolopolo zanga zinagwera. Lisanathe ora limodzi amuna onse anali pansi pa mtengo kukumba maenje a bawo, msuweni wanga natsala yekha ndi mfuti yache. Anapambana, inde, koma panalibe womuombera m'manja.

Pamenepo amalume anaimirira nati kwa ine, "Mphwanga, tola zitini zija ubwere nazo kuno." Anaika chitini chachikulu pa mapazi 10, zina pa 20, zina pa 30. China anachiika mu mthunzi wa chitsamba, china kutseri kwa udzu kotero kuti chinaoneka theka lokha. Analamula kuti ziwiri tiombere chiimirire, ndi ziwiri titagwada. Zitsekero za mabotolo anasiyapo ziwiri zokha, kutali kuja. Zonse zinayang'ana kuchulu. Taonani tsono: munthu ali yense analasa zosachepera zitatu. Mkulu wina amene sanagwirepo mfuti chibadwire analasa 5, ine 4, msuweni wanga 8, ndipo chitsekero chotsiriza chinatikana tonse. Tinatsutsana za chitsekero chimenecho kufikira mdima, ndipo pobwerera onse anafunsa kuti tidzabweranso liti.

Nditabwerera ku nchito ndinawerenga kuti nzeru ya amalume ndiyo yomwe atsata akatswiri a masewerawa. Ku England anayamba masewera otchedwa Field Target m'chaka cha 1980, pa mudzi wa Magham Down ku Sussex. Amaombera panja, m'nkhalango kapena m'dambo. Chandamale chao ndi chitsulo chodulidwa monga kalulu, khoswe kapena mbalame, chokhala ndi kaboo pakati. Chipolopolo chikalowa pa kaboopo chitsulo chigwa chagada, ndipo achiutsa pokoka chingwe, osachoka pamene aima. Maboowo ali a mamilimita 15, 25 ndi 40: lalikulu lifanana ndi dzira la nkhuku, lapakati ndi chitsekero cha botolo, laling'ono ndi chikhadabo cha chala chachikulu. Mtunda uyambira mamita 9 kufikira 50, ndipo woombera sauzidwa mtundawo, ayenera kuupeza yekha ndi galasi la pa mfuti yache. Pa mpikisano wa dziko lonse lapansi, umene unachitikaponso ku South Africa m'chaka cha 2009, aombera zandamale 150 pa masiku atatu, 50 tsiku liri lonse. Zambiri aombera atakhala pansi, koma zina alamulidwa kuombera atagwada kapena chiimirire.

Nanga chivuta nchiani? Chipolopolo chache ndi cha mtovu, cha mamilimita 4.5, cholemera kungopitirira pang'ono theka la galamu. Mphamvu ya mfuti nayonso iri ndi malire, ma joule 16, pakuti ku England mfuti yoposa pamenepo ifuna chiphaso cha polisi. Chifukwa chache chipolopolo sichiyenda molunjika ngati chingwe, koma chipinda ndi kutsika pamene chipita kutali, ndipo kamphepo kakang'ono kachikankhira pambali. Ukalakwa poyesa mtunda ndi mamita awiri kapena atatu pa chandamale cha kutali, waphonya. Ukaombera chokwera kapena chotsika, chipolopolo chigunda pamwamba pa malo amene unayembekeza. Tsono wokonza bwalo ali nazo zambiri zosankha: mtunda, kukula kwa boo, mthunzi, mphepo, chitunda ndi kakhalidwe ka woombera. Wanzeru saunjika zovuta zonse pa chandamale chimodzi. Boo laling'ono aliika pafupi, lalikulu kutali, ndipo pamene alamula kuombera chiimirire afupikitsa mtunda.

Palinso mtundu wina wotchedwa Hunter Field Target, wa zandamale 30 pa mtunda wa mayadi 8 kufikira 45, m'mene saloleza kusintha galasi mpikisano utayamba. Kumeneko ukagwetsa chitsulo ulandira 2, ukangochigunda osagwetsa ulandira 1. Ine ndiyesa lamulo limeneli nlachifundo, pakuti wophunzira sapita kwao ndi pepala lopanda kanthu. Ndiponso inu amene mudziwa Warren Park mwaliona bwalo la gofu la Warren Hills. Maenje ache 18 safanana, ena afupi, ena atali, ndipo nchifukwa chache anthu satopa nalo.

Ena adzati, "Kalaliki, mpikisano ndi wa amuna, wolephera alephere." Ndivomera kuti chandamale chosavuta chokhachokha chigwetsa ulesi, ndipo katswiri ayenera kupeza pomuyesa. Koma kumbukirani za mgwazo, abale. Kapitao akakupatsani mgwazo woti palibe angaumalize, manja afooka m'mamawa momwe. Akakupatsani wochepetsa, mumnyoza. Wabwino ndi uja umene utulutsa thukuta koma utheka. Bwalo la chandamale liri chimodzimodzi: mlendo alase zina kuti abwerenso, wapakati alimbane, ndipo katswiri atsale ndi chimodzi kapena ziwiri zomsowetsa tulo. Msuweni wanga anaika chandamale choonetsa luso lache, amalume anaika choti tonse tisewere.

Potsiriza ndikuchenjezeni. Mfuti ya mpweya si legeni, iboola diso ndipo ikhoza kupha mwana. Musaombere pakati pa nyumba, kapena pa khoma, mwala ndi botolo, pakuti chipolopolo chibwerera. Kutseri kwa chandamale kukhale chulu kapena mulu wa dothi. Onse aime pa mzere umodzi, ndipo munthu asapite kukaona chandamale kufikira mfuti itatsegulidwa ndi kuikidwa pansi. Yambani mwafunsa kupolisi za lamulo la dziko limene mukhalamo, ndipo musalowe nayo m'komboni popanda chilolezo cha akulu a mgodi, kuopa kutaya nchito chifukwa cha masewera. Mowa ndi mfuti siziyendera pamodzi.

Amalume anditumizira mau kuti kamtsikana kaja kali bwino, ndipo kuti msuweni wanga anapita yekha kukapepesa kwa makolo ache. Akuti tsopano ndiye asonkhanitsa zitini, ndipo chitsekero chija chikali pa kamtengo kache, palibe anachilasa. Ndikadzapitanso pa tchuthi ndidzachiyesa. Inu amene muli ndi masewera ena a panja pa mgodi wanu, lembani kwa Akonzi kuti tikambirane.

Tsalani bwino, tidzaonananso sabata ya mawa.

Ine wanu,
Kalaliki wa pa Mgodi