Musadule mawaya, yambani mwafunsa kiyi

Aliyense amene waimapo pa Jenda dzuwa likukwera, n'kumaona magalimoto akutsika mu msewu wa M1 kulowera ku Champhira, ku Katete ndi ku Embangweni, avomereza kuti kum'mwera kwa Mzimba kwalowa chuma cha matayala chimene makolo athu, amene ankapita ku migodi pa Wenela ndi pa Teba n'kubwerako ndi njinga yakapalasa ndi wailesi, sanachilotepo n'kamodzi komwe. Ena mwa magalimotowa abwera ndi ana athu a ku Joni, atawagula ndi thukuta la zaka zambiri. Ena ndi a ku Japan, otsikira pa doko la Dar es Salaam ndi kulowera pa Songwe, ma Sienta ndi anzake amene lero asanduka matakisi onyamula odwala, amalonda ndi matumba a nyemba. Koma walira mvula walira matope, pakuti pamodzi ndi magalimotowa pabweranso nthenda yachilendo imene ikudya ndalama za anthu mopanda chifukwa, ndipo ndiyo ndafuna kuti tikambirane.

Nthendayo imayamba chonchi. Galimoto imene dzulo lomweli inayenda bwinobwino, mafuta alimo, nyali zikuyaka, mwini wake apotokola kiyi m'mamawa, sitata izungulira ndithu, koma injini ikana kulira. Kapena ilira kamphindi kochepa n'kuzimanso yokha ngati yakumbukira kanthu. Pa dashibodi, pamene ambiri sayang'anapo, pamakhala kanyali kakang'ono, kawirikawiri kofiira, kojambulidwa ngati kiyi kapena ngati galimoto yokhala ndi loko, kakuphethira mosalekeza. Anyamata asonkhana, akankha mpaka thukuta kamukamu, galimoto osalira. Abwera wina ndi batire yobwereka. Kenaka afika makaniko ndi pulayala m'thumba, atsegula pansi pa chiwongolero, nati, "Bwana, iyi ndi alamu, tingodula basi." Mawu amenewa ndiwo ndikutsutsana nawo, ndipo ndikuwatsutsa ndi mtima wonse, ngakhale ndimawalemekeza amakaniko athu, amene ndi zipangizo zochepa amaukitsa magalimoto amene kwina akadatayidwa kalekale.

Chimene chagwira galimotoyo amisiri amachitcha imobilaiza, ndipo kagwiridwe kake ka ntchito n'kosavuta kukamvetsa munthu akafatsa. M'mutu wakuda wa kiyi, mmene timagwira muja, opanga anakwiriramo kachipu kakang'ono ngati njere ya mpunga, kamene kalibe batire yakeyake. Pakamwa pa loko, pamene timalowetsa kiyi, pali kamphete ka waya wokulungakulunga, kamene kiyi akapotokoledwa kamadzutsa kachipu kaja ndi mphamvu ya magetsi yodutsa mumpweya, n'kukafunsa nambala yake yachinsinsi. Nambalayo ikagwirizana ndi imene inasungidwa m'kompyuta ya injini, kompyutayo imalola mafuta ndi moto kuti zifike mu injini; ikapanda kugwirizana, kapena ikapanda kumveka konse, imatseka zonse n'kukhala chete. Ndi mlonda wokhulupirika amene anauzidwa kuti asatsegulire munthu wopanda chizindikiro, ndipo sayang'ana nkhope; ngakhale mwini nyumba atafika wopanda chizindikirocho, amubweza pakhomo. Nanga munthu wanzeru, mlonda wake akamukaniza kulowa chifukwa waiwala chizindikiro, amapha mlondayo kodi?

Chipangizochi sichinaikidwe kuti chizunze amphawi. Maiko a ku Ulaya, atatopa ndi umbava wa magalimoto, analamula kuti kuyambira m'chaka cha 1998 galimoto iliyonse yatsopano izikhala nacho. Australia inatsatira mu 2001, Canada mu 2007. Akatswiri awiri a zachuma, Jan van Ours ndi Ben Vollaard, atafufuza zotsatira za lamulo la ku Ulaya lija, anapeza kuti kuba magalimoto kunatsika ndi pafupifupi 40 pa 100 iliyonse. Ndipo ku America, kumene magalimoto ambiri a Kia ndi Hyundai anagulitsidwa opanda chipangizochi, achinyamata anaphunzitsana pa TikTok kabedwe kake, kotero kuti cha m'ma 2022 magalimoto amenewa ankabedwa mochititsa mantha m'mizinda yambiri. Ife a kuno, amene malire a Zambia ali pafupi kwambiri ndi Jenda moti galimoto yobedwa usiku ikhoza kukachezera kutsidya tambala asanalire, ndife oyenera kuchisamala chipangizochi koposa onsewo.

Tsono galimoto ikakana, tiyambire pati? Kuona maso a nkhono n'kudekha. Choyamba ndi kuyang'ana kanyali kaja: ngati kazima kiyi atalowetsedwa ndi kupotokoledwa, mlonda wavomera, ndipo vuto lili kwina, kaya pa pampu ya mafuta, kaya pa mapulagi, kaya pa fyuzi, alamu isanamiziridwe mlandu umene sinapalamule. Ngati kakuphethirabe, funsani kiyi amene ali m'manja mwanuyo kuti ndi uti. Anthu ambiri, poopa kutaya kiyi weniweni, amakadulitsa wina kwa osula makiyi pamsika, ndipo kiyi wotereyo amatsegula chitseko, amapotokola loko, amazunguza sitata, koma popeza alibe kachipu, injini siingamumvere mpaka kalekale. Ena kiyi wawo anagwa pansi, mutu wake n'kusweka, iwo n'kuumanga ndi tepi kapena mphira osadziwa kuti kanjere kaja kanagwera m'fumbi. Enanso amamangirira makiyi a magalimoto awiri pa mphete imodzi, machipu awiriwo n'kumayankhira pamodzi, kompyuta n'kusokonezeka. Chotsani makiyi enawo, yesani kiyi wachiwiri ngati alipo, ndipo kawirikawiri nkhani imathera pomwepo popanda kutaya ndi tambala yomwe.

Magalimoto oliza pongodina batani ali ndi khalidwe lawolawo. Rimoti yake ili ndi kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, nthawi zambiri ka nambala CR2032, kamene kakatha galimoto imaleka kuizindikira rimotiyo. Opanga anaganizira zimenezi: pa magalimoto ambiri a Toyota, mukaponda buleki, n'kugunditsa rimoti pa batani lolizira, kenaka n'kudina, galimoto imalira ngakhale kabatireko katatheratu. Ndi angati mwa oyendetsa matakisi a pa Jenda amene anauzidwapo zimenezi pogula? Buku la malangizo, ngati linabwera n'komwe, linalembedwa m'Chijapanizi.

Batire yaikulu nayonso iyesedwe ndi mita, osati ndi maso. Yodzaza bwino imaonetsa mavoti 12.6 injini itazima. Ikafooka, nyali zikhoza kuyakabe koma kompyuta n'kulephera kuwerenga kiyi pamene sitata ikukoka mphamvu yonse. Mitu ya batire yochita dzimbiri loyera, waya wa ethi wogwedera chifukwa cha mabampu a misewu yathu yafumbi, pulagi ya kamphete kaja itasomoka pang'ono: zonsezi n'zokonzeka ndi sipanala, burashi ndi kuleza mtima.

Ndivomereze chinthu chimodzi, kuti ndisawalakwire amakaniko. Magalimoto ambiri ochokera ku South Africa amabwera ndi alamu yachiwiri, yoikidwa pambuyo ndi mwini wake woyamba, popeza kumeneko umbava wa magalimoto ndi waukulu ndipo a inshuwalansi amaumiriza zotetezera. Ina imakhala ndi kaswitchi kobisika pansi pa mpando kapena pafupi ndi chiwongolero, kamene wogulitsa anaiwala kukatchula. Alamu yotereyi ikakalamba, molumikizira mwake mukachita dzimbiri, ikhoza kuchotsedwa ndithu, malinga wochotsayo atsatire waya uliwonse n'kuubwezeretsa mmene unalili pochokera ku fakitale. Koma imobilaiza yobadwa nayo galimoto siili m'waya umodzi woti n'kuudula. Ili m'kati mwa kompyuta ya injini. Wodula mawaya mongoyerekeza amangoonjezera matenda pa matenda, ndipo akalumikiza molakwika n'kuwotcha kompyutayo, galimoto imene imangofuna kabatire ka rimoti imakwezedwa pa lole kupita ku Mzuzu kapena ku Lilongwe, mwini wake atagulitsa ng'ombe. Palinso nzeru ina yofala, yochotsa kachipu m'kiyi n'kukamata pa loko kuti kiyi aliyense wodulitsa aziliza. Galimoto imaliradi, koma kuyambira tsiku limenelo imalirira aliyense, mwini wake ndi mbala yemwe.

Muzu wa mavuto onsewa, mmene ndikuonera ine, ndi kugula galimoto ya kiyi mmodzi. Kiyi wachipu akadalipo mmodzi wogwira ntchito, kuonjezera wachiwiri ndi ntchito yaifupi kwa mmisiri amene ali ndi makina ake olumikiza pa soketi ya pansi pa dashibodi. Koma onse akatayika, pamafunika kulemba kompyuta mwatsopano kapena kusintha kompyuta, loko ndi makiyi pamodzi, ndipo mtengo wake umaposa wa kiyi wapadera kambirimbiri. Inu ana athu a ku Johannesburg, ku Durban ndi ku Cape Town, amene mumatumiza magalimoto kumudzi kuti makolo ndi akazi anu apezepo chakudya, musalipire musanalandire makiyi awiri ndi kuwayesa onse pamaso pa wogulitsa; funsaninso ngati pali alamu yoonjezera, ndi pamene pali kaswitchi kake. Safunsa anadya phula. Ndipo wogulitsa akakupatsani galimoto ya loko wophwanyidwa ndi mawaya olumikizalumikiza pansi pa chiwongolero, onetsetsani bwino mapepala a apolisi osonyeza kuti si yobedwa, chifukwa mukhoza kulowa m'mlandu umene simunaupalamule.

Kwa a TEVETA ndi masukulu a ntchito zamanja a chigawo chino, monga a ku Mzuzu ndi ku Livingstonia, pempho langa ndi lakuti maphunziro a zamagetsi a galimoto afike kwa amakaniko amene ali kale pantchito pa Jenda, pa Champhira ndi pa Mzimba boma, ngakhale a masabata ochepa, kuti adziwe kuwerenga zimene kompyuta ikunena asanagwire pulayala. Amakaniko nawonso akhoza kusonkherana n'kugula makina amodzi oyezera, n'kumabwerekana. Ndipo inu eni magalimoto, ngati lero muli ndi kiyi mmodzi yekha, musadikire kuti atayike: ulendo wotsatira wa ku Mzuzu kapena ku Lilongwe, kapangitseni wachiwiri wachipu, mumuyese, n'kumusunga m'nyumba.