Cikwati si pasipoti

Dzulo m'minibasi yocokera ku Woodlands ndinakwera ndi alamu anga a ku Mchinji. Ni anamwino ophunzira bwino, koma manje angokhala panyumba. Mng'ono wanga anawakwatira, phwando tinavina, za mapepala palibe anaganizako.

Abale, cikwati si pasipoti. Mlendo wamba amaloledwa masiku 90 cabe pa caka. Wokwatirana ndi mzika ya Zambia afunika spouse permit, monga likunenera lamulo la 2010. Pemphani masiku akalibe kutha. Konzani setifiketi ya cikwati, pasipoti yao ndi NRC yanu, ndipo musadalire anyamata oti "tidziwa njira".

Dziwaninso kuti pepalali ni lokhalira cabe. Kuti alembedwe nchito pafunika employment permit, ndipo residence permit angaipemphe patapita zaka 5.

Apa ndiye pali dandaulo langa. Renti ya ku Woodlands siidikira zaka 5. Ngati boma lavomereza banja, lilolenso onse awiri kulidyetsa. Aphungu athu alionenso lamuloli.

Pakali pano, ise tiyambe ndi mapepala tikalibe kusoketsa diresi.