Msonkho wa Malova

Chimalizireni digiri yawo, achemwali anga aitanidwa ku intaviyu kanayi, ndipo kanayi konseko kunali ku Lilongwe. Ife kwathu ndi ku Bua, kumpoto kwa boma la Nkhotakota, kumene mtsinje wa Bua umathira m'nyanja. Kuti munthu wa kwathu akakhale pamaso pa mabwana nthawi ya 8 koloko m'mawa, ayenera kunyamuka dzulo lake: kabaza mpaka pamsewu wa M5, minibasi mpaka paboma, ina mpaka ku Salima, inanso yokwera mtunda wa ku Lilongwe, kenako kukagogoda usiku kwa wachibale amene sanakuitane.

Ulendo woyamba amayi anagulitsa thumba la mpunga. Wachiwiri inapita mbuzi. Wachitatu tinakongola ku banki m'khonde. Wachinayi agogo anamasula mfundo ya pachitenje n'kutulutsa ndalama yawo ya Mtukula Pakhomo, yomwe amalandira chifukwa akulera ana amasiye atatu. Anati, "Tenga mwanawe, ukalembedwa udzatikumbukira." Mwa malo anayiwo, palibe ngakhale amodzi amene anaimba foni kapena kutumiza uthenga wonena kuti pepani tatenga wina. Tinkangodziwa tokha miyezi ikapitapo.

Ndikulemba izi chifukwa sabata yatha mnzanga wina wa m'kalasi analemba pa Facebook kuti dziko lino likusauka kaamba ka anthu "ongolandira", pomwe okhoma msonkho ndi ochepa. Ambiri anamuwombera m'manja. Ine ndikuti bodza. M'dziko muno mulibe munthu wosakhoma msonkho, ndipo pali msonkho umodzi wankhanza umene sulembedwa m'buku lililonse la MRA. Umenewu ndi msonkho wofunira ntchito, ndipo amaukhoma ndi malova pamodzi ndi makolo awo.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Usanaitanidwe n'komwe, wagula kale bandulo yofufuzira malo a ntchito. Wachita fotokope satifiketi ya MSCE, digiri ndi chiphaso cha unzika, ndipo wakadinditsa kuti akhulupirire zoti si zabodza. Wagula envulopu, wajambulitsa tizithunzi. Akakuitana, pakufunika thiransipoti yopita ndi yobwerera, chakudya cha panjira, nsapato zooneka bwino, suti yobwereka. Zonsezi amalipira ndi munthu amene alibe malipiro. Wolemba ntchito, amene ndiye akufuna wantchito, salipira ngakhale tambala. Amangotsegula chitseko, kufunsa mafunso kwa mphindi 15, n'kunena kuti "tidzakuuzani".

Pa malonda ena alionse zinthu siziyenda chonchi. Wogula usipa amabwera yekha kudooko, satumiza uthenga woti asodzi 200 anyamule madengu kupita nawo ku Lilongwe kuti iye akasankheko limodzi. Koma pa nkhani ya ntchito tavomereza kuti wosauka ndiye ayende. Choipitsitsa n'chakuti tinaphunzitsidwa kuthokoza. Munthu akangoitanidwa ku intaviyu, mudzi wonse umati ndi mwayi, ndipo kufunsa za thiransipoti kumaoneka ngati mwano.

Amene akuganiza kuti ndikukokomeza akumbukire mwezi wa June 2020. Patatsala masabata ochepa kuti tikavotenso pa chisankho cha pulezidenti, Unduna wa Zaumoyo unaitana anthu ofuna ntchito ya ulangizi wa zaumoyo kuti angobwera okha ku intaviyu, popanda kusankhiratu mayina. Achinyamata zikwizikwi anakhamukira kumalo ochitira mayesowo. Ku Mzuzu, pa sukulu ya sekondale ya Katoto, panachitika mpanipani ndipo anthu oposa 100 anavulala. Imeneyo inali nthawi ya Covid-19, pamene unduna womwewo unkatilangiza kuti tizikhala motalikirana. Anthu anapita kukafuna ntchito ya zaumoyo n'kubwerako ndi mabala. Ndani anawabwezera ndalama zoyendera? Nanga amene anagona pakhonde n'kubwerera chimanjamanja, ndani anawerenga zomwe mabanja awo anagulitsa kuti iwo afike pamenepo?

Tsopano ku nkhani ya "okhoma msonkho". Mnzanga uja akamati okhoma msonkho akutanthauza amene amadulidwa PAYE pamalipiro. N'zoona, amenewo ndi ochepa, ndipo zimawawa kuona malipiro akudulidwa mwezi ndi mwezi pomwe kuchipatala kulibe mankhwala. Sindikunyoza ululu wawo. Koma boma silidalira PAYE yokha. Pali VAT, yomwe kwa zaka zambiri inali pa 16.5 peresenti, ndipo imeneyi safunsa ngati uli pantchito. Agogo akagula paketi ya shuga, shuga wochokera pompano pa Dwangwa, akhoma. Amayi akagula lata limodzi lotsekera podontha, akhoma. Achemwali akagula mayunitsi oti aimbire ku ofesi imene siyankha, akhoma VAT komanso msonkho wapadera wa pamayunitsi. Mu mtengo wa mafuta a minibasi muli misonkho ingapo, kuphatikizapo wa misewu, ndipo kondakitala amaitolera kwa okwera. Mayi wogulitsa chinangwa pamsika amadula tiketi ya khonsolo tsiku lililonse, kaya wagulitsa kaya sanagulitse.

Kusiyana kwake n'kwakuti wapantchito amaona msonkho wake utalembedwa papepala, choncho amadziwa kuti ali ndi ufulu wodandaula. Wosauka amakhoma osaona, choncho amauzidwa kuti akungodyera ena, iyenso n'kukhulupirira. Komanso popeza wosauka amagwiritsa ntchito ndalama yake yonse pogula zinthu, osasungako kanthu, msonkho wa pamalonda umamuluma kwambiri kuposa bwana. Onjezerani apo kugwa kwa kwacha, ndi 25 peresenti mu May 2022 komanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Wokhala ndi madola kapena nyumba zalendi anapulumuka. Kandalama ka pamfundo ya chitenje kanasungunuka usiku umodzi.

Msonkho ndi kufunafuna ntchito zinayamba kale kuyendera limodzi m'dziko muno. Atsamunda atakhazikitsa ulamuliro wawo mu 1891, Harry Johnston anabweretsa msonkho wa nyumba. Anthu analibe ndalama, anali ndi chimanga, chinangwa ndi nsomba. Njira yopezera mashereni inali kukagwira ntchito kwa mzungu, ndipo pambuyo pake lamulo linafika pochepetsera msonkho munthu amene wagwirira mzungu ntchito kwa mwezi. Cholinga chinali choonekeratu: msonkho unali chikwapu chothamangitsira anthu kuminda ya azungu. Thangata ndi nkhanza zonga zimenezi ndi zina mwa zomwe zinautsa John Chilembwe mu 1915. Azigogo athu aamuna ambiri a m'mbali mwa nyanja anatsikira ku Halale ndi ku Joni pa zifukwa zomwezo. Kalelo ankatikakamiza kupita kuntchito kuti tikhome msonkho. Lero timakhoma msonkho kuti tikapemphe ntchito, ndipo ntchitoyo palibe.

Nanga Mtukula Pakhomo amene akunyozedwayu ndi chiyani? Anayambira ku Mchinji mu 2006, ndipo cholinga chake ndi kuthandiza mabanja osaukitsitsa amenenso alibe munthu wamphamvu zogwira ntchito: nkhalamba, olumala, odwala nthawi yaitali, ana olera anzawo. Amafikira pafupifupi mabanja 10 pa 100 alionse. Kunena kuti gogo wa zaka zoposa 70 wolera ana amasiye ndi waulesi n'kusowa manyazi. Chinanso chimene olankhula pa Facebook sadziwa n'chakuti ndalama zambiri za pulogalamuyi sizichokera pamalipiro awo ayi. Zimachokera kwa otithandiza monga World Bank, European Union, Germany ndi Ireland. Ngati pali chochititsa manyazi, ndi chakuti dziko lotolera msonkho kwa agogo limadikira alendo kuti asamalire agogowo.

Mukafuna kudziwa kumene msonkho wanu umapita, musayang'ane ku Bua. Kumbukirani Cashgate ya 2013, pamene mabiliyoni a kwacha anatuluka ku Capital Hill kulipira makampani amene sanagwire ntchito iliyonse. Kumbukirani ma alawansi a misonkhano ya kunyanja, pomwe akuluakulu amadutsa ndi galimoto zozizira m'misewu yathu yokumbika kupita kukakambirana za umphawi. Amenewonso ndi olandira, koma palibe amawatcha aulesi. Ifenso ophunzira tisadzitame. Ambiri a ife tili pano chifukwa cha ngongole ya boma ya maphunziro, ndipo chimanga chimene tinakulira chinamera ndi feteleza wa makuponi, kaya wa FISP kuyambira 2005 kapena wa AIP kuyambira 2020. Munthu wokulira pa thandizo akayamba kunyoza thandizo la mnzake, ndiye kuti waiwala kumene achokera.

Tibwerere m'chipinda cha intaviyu, chifukwa muli msonkho wina wosakhala wa ndalama. Mtsikana wa kwathu amaleredwa kuti polankhula ndi akulu aziweramitsa nkhope, asamayankhe mofulumira, asamadzitame. Umenewo ndiwo ulemu. Akalowa m'chipindamo, mabwana omwewo amene kunyumba kwawo amafuna kugwadiridwa amamulemba kuti ndi wamantha chifukwa sanawayang'ane m'maso. Amamuuza kuti adziyamikire yekha, m'Chingerezi, pa ntchito yomwe akaigwirira kumudzi pakati pa anthu olankhula Chichewa, Chitonga kapena Chiyao. Sindikuti Chingerezi n'chosafunika. Ndikufunsa kuti kodi mukuyesa luso la ntchito, kapena mukuyesa sukulu imene bambo ake anakwanitsa kulipira? Mwana wa ku Area 47 ndi mwana wa ku Bua akhoza kukhala ndi digiri yofanana, koma mmodzi anayamba kuphunzira intaviyu patebulo la kwawo ali wamng'ono.

Ndiye pali zija timangonong'onezana: kuti malo ena amalengezedwa m'nyuzi atapatsidwa kale mwana wa uje, kuti funso lenileni ndi lakuti "kwanu n'kuti" ndi "wakutuma ndani", kuti atsikana ena amauzidwa kuti akakumane ndi bwana madzulo. Malamulo alipo. Employment Act ya 2000 imaletsa tsankho polemba ntchito, ndipo Gender Equality Act ya 2013 imaletsa nkhanza zokhudza kugonana. Koma lova adzasumira ndani, ndi ndalama ziti, pomwe akuopa kuti dzina lake lidzada m'maofesi onse? Ngati munthu mwamusankha kale, kuitana ena 30 kuti adzakongoletse mwambo ndi kuba. Mwaba mbuzi ya amayi anga.

Ndikudziwa zomwe ena ayankhe. Ati olemba ntchito sangalipire thiransipoti ya anthu zikwi. Zoona, n'chifukwa chake asamaitane zikwi. Awerenge makalata, asankhe ochepa, ndipo ochepawo awabwezere ndalama zoyendera monga amadzibwezera okha akamapita ku misonkhano. Ena ati achinyamata asiye kudikira ntchito, ayambe bizinesi. Malangizo amenewa amakonda kuchokera kwa anthu olandira malipiro mwezi uliwonse. Mpamba wake uchokera kuti, ngati thumba la mpunga ndi mbuzi zinathera mumsewu wa ku Lilongwe? Enanso ati vuto ndi kuchepa kwa ntchito, osati kachitidwe ka intaviyu. N'zoona ndithu, ndipo tonse tikukumbukira lonjezo la ntchito 1 miliyoni la mu 2020. Koma kuchepa kwa ntchito si chilolezo chozunzira ozifuna. Pamaliro chakudya chikachepa sitimenya anamfedwa.

Zimene ndikupempha si zapatali. Ntchito za boma zokagwirira m'maboma, mayeso ake azichitikira m'maboma momwemo. Nkhotakota ili ndi ofesi ya DC ndi maholo okwanira. Gawo loyamba la intaviyu lizichitika pafoni, popeza ngakhale ku Bua netiweki imagwira. Zodinditsa masatifiketi zizifunika kwa okhawo amene apambana. Aliyense amene wafika pa intaviyu aziyankhidwa pasanathe mwezi, ngakhale ndi uthenga wa mzere umodzi. Ma intaviyu ongobwera chigulu ngati a mu 2020 aletsedwe. Ndipo Mtukula Pakhomo azikhala ndi gawo lalikulu lochokera mu bajeti yathu, kuti tsiku limene alendo adzatope, agogo asadzagone ndi njala.

Kwa inu anzanga amene muli chaka chomaliza, chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mukayamba kuyenda maulendo amenewa, muzilemba m'kope ndalama iliyonse imene mwawononga ndi kumene yachokera. Tidzaziika pamodzi n'kuzipereka kwa aphungu athu, kuti akamakambirana bajeti aziona kuti malova nawonso amakhoma. Ndipo mabwana akadzakufunsani kumapeto ngati muli ndi funso, mudzafunse mwaulemu tsiku limene adzakuyankheni. Si mwano umenewo.

Achemwali pano akuphunzitsa mwaganyu pa sukulu ina ya pulaiveti, malipiro ake osakwana kubweza ngongole ya banki m'khonde ija pakamodzi. Nditapita kutchuthi agogo anandikokera pambali n'kundifunsa ngati a ku Lilongwe aja anayankha. Ndinawauza kuti sanayankhebe. Anagwedeza mutu n'kunena kuti mwina kalata inasochera panjira. Sindinawatsutse.